Munthu Woyenera Sitolo Yathu

Ife aŵiri, mwamuna ndi mkazi, tili ndi kasitolo ka zomangira nyumba mu Chipata, kufupi ndi msika wa Kapata. Timagulitsa simenti, misomali, malata ndi penti. Malonda atakula m'caka ca 2021, tinaona kuti manja anai sakukwanira, ndipo tinayamba kufuna wotithandiza.

Mbiri inafika kumudzi tisanauze munthu ali yense. Pasanathe sabata, kucokera ku Katete kunabwera mnyamata, mwana wa mlongo wao wa abambo a m'nyumba muno, atanyamula cikwama ndi setifiketi ya Giredi 12. Pa mwambo wathu malume sabweza mwana wa mlongo wake pakhomo. Tinamlemba nchito tsiku lomwelo osamfunsa kanthu.

Tisamnamizire, mnyamatayo sanabe ngakhale ngwee imodzi. Koma mtima wake sunali m'sitolo. Iye anali kulakalaka uphunzitsi, ndipo kusenza thumba la simenti la makilogalamu 50 anzake a kusukulu akuona kunali kumcititsa manyazi. Mlimi wa kumudzi akaloŵa ndi kapepala kolembedwa ndi mmisiri, iye anali kumyankha maso ali pa foni. Tsiku lina anapatsa munthu misomali ya mainchesi atatu m'malo mwa ya malata; munthuyo anapalasa njinga ulendo wautali kudzabweza, ndipo sitinamuonenso. Ife tinali kuona zonsezi, koma tikati timdzudzule, tinali kukumbukira kuti mau athu akagona ku Katete. Patapita miyezi isanu tinamuuza kuti aleke, ndipo tinalonjeza kumthandiza ndalama za kukoleji. Amai ake sanamve za koleji. Anangomva kuti mwana wao wacotsedwa. Pa maliro ena kumudzi anatipatsa moni wa kumapazi.

Kaciŵiri tinayamba takhala pansi ndi kulemba cimene nchitoyo ili: kuŵerenga cenji mosalakwa, kudziŵa katundu, kupirira wogula amene afunsa mtengo kasanu, ndi kusaopa fumbi. Tinadabwa kuona kuti pa zonsezi panalibe cofuna Giredi 12.

Anabwera atatu. Aŵiri anali ndi makalata abwino, wina wocokera kwa abambo mfumu amene. Kalata yotere imakuuza kuti munthu ndi wa makhalidwe, koma siikuuza ngati adzasiyanitsa penti wa madzi ndi wa mafuta. Conco ali yense tinampatsa tsiku limodzi m'sitolo, lolipidwa.

Wacitatu anali mai wamasiye amene analekezera Giredi 9, ndipo kwa zaka zambiri anali kugulitsa tomato pamsika. Wogula atafuna malata, maiyu anayamba wamfunsa kukula kwa nyumba yake, ndipo anatiitana kuti tiŵerengere pamodzi. Masana anatiuza mosabisa kuti matumba aŵiri a pansi anali ataloŵa cinyezi ndi kuuma, ndipo sikungakhale bwino kuwagulitsa. Ife eni ake tinali tisanaone.

Ulendo uno tinalemba pangano. Lamulo la za nchito la 2019 limalola kuyesa wanchito kwa miyezi itatu, ndi kuonjezapo itatu ina ngati pafunika. Tikadatsata zimenezi poyamba paja, mwina mnyamata uja akadacoka popanda kuda mitima. Tinamlembetsanso maiyo ku NAPSA, kumene wanchito amapereka 5 peresenti ya malipiro ake ndipo wolemba nchito 5 inanso.

Ali nafe mpaka lero, ndipo makiyi a sitolo amagona kwa iye. Caka catha alamu athu a ku Katete aja anabwera kudzagula malata a khichini yao. Tinakhala cete kuseri kwa kauntala maiyo akuwaŵerengera. Potuluka anaima pakhomo nafunsa kuti, “Kodi amai aŵa ndi a kwani?” Tinawauza kuti si acibale. Anagwedeza mutu, natiuza kuti mwana wao wayamba kuphunzitsa ku Petauke.