Dzina limodzi, nambala imodzi: database yandikopa mtima

Kwa zaka zinayi ndakhala mlembi wa gulu lathu la amayi losunga ndi kubwereketsana ndalama kuno ku Kafue. Kuno timangoti village banking, abale athu a ku Malawi amati banki m'khonde. Tilipo amayi 24. Ena amaoda nsomba ku Chanyanya n'kudzagulitsa pamsika, ena ali ndi tuntemba twawo, ena amaweta nkhuku kuseri kwa nyumba. Timakumana Loweruka masana ku Shikoswe, pansi pa mtengo wa mango. Ndalama zimaponyedwa m'mbale pamaso pa onse, ine ndili pamphasa, buku lachikuto cholimba lili pamiyendo.

Bukulo ndinkalisamala ngati khanda, koma mu Disembala, pa tsiku logawana, masamu anakana. Ndalama za mayi wina zinaperewera ndi K600, ndipo nkhope za anthu zinayamba kusintha. Tinafufuza mpaka dzuwa kulowa. Ndalamazo sizinabedwe, zinali momwemo m'buku. Mayiyo ndinamulemba katatu. Mu Januwale ndinalemba dzina la bambo ake, mu Juni dzina la mwamuna wake, mu Okutobala dzina la mwana wake woyamba, poti ndi lomwe tonse timamuitanira. Munthu mmodzi anasanduka anthu atatu, ndalama zake n'kumwazikana m'masamba atatu. Usiku umenewo sindinaone tulo, chifukwa gulu la ndalama limayenda pa kukhulupirirana.

Pa Khirisimasi kunabwera mwana wa achemwali anga amene amaphunzira zamakompyuta ku Lusaka. Nditamufotokozera, anatsegula masamba a bukulo mwakachetechete, kenaka anati, "Amayi aang'ono, dzanja lanu ndi labwino, masamu anunso ndi abwino. Vuto n'loti chinthu chimodzi mukuchilemba kambirimbiri. Bweretsani laputopu ija." Laputopuyo ndi yakale, ya ana, ndipo ine ndinkangoigwira popukuta fumbi. Mnyamatayo anaikamo LibreOffice, mtolo wa mapulogalamu aulere umene bungwe la The Document Foundation, lomwe linayamba mu 2010, limausamalira. M'kati mwake muli pulogalamu yopangira database yotchedwa Base. Anaikanso pulogalamu ina yotchedwa Java, poti mbali zina za Base sizigwira popanda iyo. Anandiuza kuti m'maofesi ambiri amagwiritsa ntchito Microsoft Access, imene inatuluka mu 1992, koma iyoyo ndi yogula ndipo imayenda pa Windows pokha. Maganizo ake ndi amodzi, anatero, wodziwa iyi savutika ndi inayo.

Ndinkayembekezera kuti tiyamba kutaipa nthawi yomweyo. Iye anatseka laputopu, natenga pepala ndi pensulo. "Amayi, m'buku lanuli muli zinthu zamitundu ingati?" Ndinaganiza ndithu, ndipo ndinati muli anthu, muli ndalama zosunga, muli ngongole, muli zobweza. Anajambula mabokosi anayi. Bokosi lililonse, anati, likhala tebulo lake, kutanthauza ndandanda ya mizere, mzere umodzi chinthu chimodzi. M'bokosi la mamembala tinalemba dzina, foni ndi dera. Pamwamba pa zonse anaika mawu oti nambala. "Taganizani za chitupa chanu, NRC. M'Zambia muno muli anthu ambiri a dzina lanu, koma nambala ya NRC yanu ndi yanu nokha. Ngakhale mutasintha dzina pokwatiwa, nambala imakhala yomweyo." Nambala yotereyi pa kompyuta amati primary key, ndipo Base imaipereka yokha kwa membala aliyense watsopano ukaiuza kutero.

Apa m'pamene maso anga anatseguka. M'tebulo la zosunga simulembedwanso dzina la munthu. Mumalowa tsiku, kuchuluka kwa ndalama ndi nambala ya membala basi. Dzina limakhala malo amodzi okha, m'tebulo la mamembala. Mayi uja ndi nambala 7. Kaya timuitane ndi dzina la bambo ake, la mwamuna wake kapena la mwana wake, ndalama zake zonse zimapita kwa 7. Akasintha foni, ndimakonza pamzere umodzi, ndipo zakonzeka paliponse.

Kenaka anatsegula windo la Relationships, pomwe matebulo amaoneka ngati timabokosi tomwe tinajambula papepala tija. Anandigwiritsa mausi. Ndinakoka nambala kuchokera m'bokosi la mamembala mpaka m'bokosi la zosunga, ndipo nditasiya, panaoneka kamzere kolumikiza mabokosi awiriwo. Mbali ya mamembala panalembedwa 1, mbali inayo n. Membala mmodzi, zosunga zambiri. Ndinati, "Mwananga, uwutu ndi ubale. Mayi mmodzi, ana ambiri, ndipo mwana aliyense ali ndi mayi wake mmodzi." Anaseka mokondwa nati ndamva zimene anzake ena m'kalasi zinawatengera sabata. Ife Achewa timakula tikudziwa kulondola mbumba, uyu ngwa uje, wobadwa kwa uje. Nzeru yomweyo ndinaipeza pagalasi la laputopu.

Chimene chinandimaliza chinachitika tsiku lachitatu, mnyamatayo atabwerera ku Lusaka. Ndinali ndekha usiku, ndikusamutsa zolemba za mwezi wa Marichi. Chala chinaterereka, m'malo mwa 13 ndinataipa 31. Kompyuta inakana. Inatulutsa uthenga, ndipo mzerewo sunasungidwe, chifukwa m'tebulo la mamembala mulibe nambala 31. Ndinakhala phee, manja ali pachifuwa. Zaka zinayi buku langa linkalandira chilichonse chimene ndalemba, cholondola ndi cholakwa chomwe, osandifunsa. Lero ndapeza mnzanga wondigwira dzanja ndisanalakwitse. Pamalo a tsiku salola mawu, pamalo a ndalama salola zilembo, ndalama yopanda mwini sailandira. Kuyambira usiku umenewo ndinaikonda ntchitoyi ndi mtima wonse.

Chidwi chinandifikitsa pofuna kudziwa yemwe anaganiza zimenezi. Ndi Edgar F. Codd, katswiri wa masamu wobadwira ku England, amene ankagwira ntchito ku kampani ya IBM ku San Jose m'dziko la America. Nkhani yake yofotokoza njira yosunga zinthu m'matebulo otere inatuluka mu 1970, chaka chomwe fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia inatsegulidwa kuno ku Kafue. Nzeru imeneyi ndi yamsinkhu umodzi ndi fakitale imene timaiona tsiku ndi tsiku. Anzake a ku IBM komweko, Donald Chamberlin ndi Raymond Boyce, anakonza chinenero chofunsira mafunso matebulowa, chomwe lero chimatchedwa SQL. Ngakhale foni yamakono ili m'thumba mwanuyo ili ndi ka database kamtundu womwewu, kotchedwa SQLite, komwe mapulogalamu ambiri amasungiramo zinthu zawo. Tinkayenda nayo nzeruyi m'chitenje osaidziwa.

Kufunsa mafunso ndiko kokoma kuposa zonse. Funso pa Base amati query. Umasankha matebulo, n'kusankha zimene ukufuna kuona, n'kuuza kompyuta kuti iwonkhetse. Funso langa loyamba linali loti membala aliyense wasunga zingati chaka chino. Ntchito imene inkandidyera mausiku awiri ndi kakyuleta inatuluka ndisanamalize kumwa tiyi, mayina 24 ali pamzere, aliyense ndi ndalama yake. Lachiwiri linali loti ndani ali ndi ngongole imene tsiku lake lapitirira. Funso ukalisunga limakhalapo, mwezi wamawa umangolitsegula, ndipo limayankha ndi ziwerengero zatsopano. Ndinapanganso fomu, kuti polowetsa ndalama ndizingosankha dzina pamndandanda, kompyuta n'kulemba yokha nambala. Pomaliza pali lipoti, pepala looneka bwino lomwe ndimakasindikiza m'tauni, aliyense n'kulandira lake.

Si zonse zinayenda myaa. Poyamba ndinaiwala mabokosi anayi aja n'kuika ngongole ndi zobweza m'tebulo limodzi, ndipo munthu atabweza kachitatu, malo olembapo anatha. Ndinaimbira mnyamata uja, nati, "Amayi, ngongole imodzi, zobweza zambiri. Ubale womwe uja." Ndinagawa tebulolo pawiri, zinthu n'kukhala m'malo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndaphunziranso kuti zonse zimakhala m'fayilo imodzi yothera ndi .odb, ndipo magetsi akazima kompyuta ili pakati posunga, fayiloyo ikhoza kuwonongeka. Choncho ndimayamba ntchito batire itadzaza, ndipo Loweruka lililonse ndimatseka pulogalamu kaye, n'kukopera fayiloyo pa flash, dzina lake ndi tsiku la tsikulo. Laputopu ili ndi password, chifukwa muli mafoni ndi ngongole za anthu. Dziko lathu lili ndi lamulo la mu 2021 loteteza zinthu zachinsinsi za anthu, Data Protection Act, ndipo ngakhale popanda lamulo, ngongole ya mnzako si nkhani yokambira pachitsime.

Buku lachikuto cholimba sindinalitaye. Loweruka limakhalabe pamiyendo panga pansi pa mango, aliyense amasaina yekha, chifukwa amayi amakhulupirira chimene achiona ndi maso. Madzulo ndimasamutsira m'kompyuta, ndipo ziwirizi zimachitirana umboni. Pamsonkhano wa mwezi watha ndinagawa mapepala a lipoti. Mayi wa nambala 7 analondola lake ndi chala, mzere ndi mzere, kenaka analipinda bwinobwino, nalimanga pamfundo ya chitenje.

Inu alembi a magulu, asungichuma a mipingo, aphunzitsi osunga ndandanda ya ana, ndi inu a mashopu amene muli ndi buku la ngongole pansi pa kauntala, musaope dzina loti database. Sipafunika intaneti tsiku ndi tsiku, sipafunika kompyuta yatsopano. Yambani ndi pepala ndi pensulo. Dzifunseni kuti m'buku lanu muli zinthu zamitundu ingati, mtundu uliwonse muupatse tebulo lake, chinthu chilichonse nambala yake, ndipo dzina la munthu mulilembe kamodzi kokha. Mukatero, funsani mwana wodziwa kompyuta akuikireni pulogalamu, mukoke nokha kamzere kanu koyamba.