TINAGONA USIKU UMODZI PA PHIRI LA NYIKA

Ndi Mtolankhani Wathu

Anthu ambiri a kuno ku Cigawo ca Kum'mawa akamva za malo osungirako nyama, maganizo ao amathamangira ku Mfuwe, ku cigwa cotentha ca Luangwa kumene kuli njobvu ndi mvuu. Owerengeka okha ndiwo adziwa kuti dziko lathu liri ndi paki yina yaing'ono pamwamba pa phiri, kumpoto kwa Lundazi, m'malire ndi Malawi, kumene munthu amadzuka m'mawa napeza udzu utayera ngati wina wawazapo ufa. Dzina lace ndi Nyika. Mbali yathu ndi ya masikweya kilomita 80 okha, ndipo Boma linaikhazikitsa kukhala paki m'caka ca 1972. Mbali ya Malawi ndi yaikuru kwambiri, yopitirira masikweya kilomita 3,000.

Pa chuti ca masiku a Ngwazi ndi Umodzi, kuciyambi kwa mwezi wa July, tinapitako anthu anai: ine, alamu anga amene ndi mlimi wa cimanga ndi nsawawa wa zaka 52, ndiponso aphunzitsi awiri, bambo ndi mai ace, eni galimoto. Pakati pathu panalibe ndi mmodzi yemwe amene anagonapo m'tenti. Alamu anga phiri lalitali limene analikwerapo ndi Kanjala wa m'tauni ya Chipata, ndipo anabvomera ulendowu pokhapokha nditalonjeza kuti sitidzakwawa pa matanthwe.

Codabwitsa coyamba n'cakuti njira imene alendo amadzera popita ku paki yathuyi iri m'dziko la Malawi, kotero pasipoti ndi yofunika. Tinanyamuka ku Chipata pa Ciweru tambala woyamba atangolira, tinayenda makilomita pafupifupi 180 kufika ku Lundazi, tinaoloka malire pa Lusuntha, tinakalowa mu mseu waukuru pa Jenda, ndipo dzuwa linatilowera tiri ku Rumphi kumene tinagona. Za tsiku limenelo palibe cokumbukira koma pfumbi ndi kuwawa kwa msana. Pa Sondo m'mawa tinadzera ku Bolero mpaka pa khomo la paki lochedwa Thazima, tinalembetsa maina ndi kulipira, nkuyamba kukwera.

Apa ndipo pali cinsinsi cimene cicititsa phirili kukhala loyenera munthu woyamba kumene: nchito yaikuru yokwera imagwira ndi galimoto. Poyamba mseu udzera m'thengo lofanana ndi la kwathu, la mitengo ya mombo ndi masuku. Pang'ono ndi pang'ono mitengo imafupika, makutu amatseka, mphepo yolowa pa zenera imasanduka yozizira, ndipo mwadzidzidzi mitengo imatha. Kutsogolo kumangooneka zitunda zosalala za udzu waufupi, cina kuseri kwa cinzace, mpaka pothera maso. Chipata iri pa mamita opitirira pang'ono 1,000 kucokera pa nyanja ya mcere, koma pano tinali titadutsa mamita 2,000. Alamu anga anayang'ana uku ndi uku nafunsa kuti, "Nanga phirilo liri kuti?" Tinawauza kuti ali kale pamwamba pace.

Ku Chelinda, kumene kuli maofesi a paki mbali ya Malawi, anatipatsa mlonda wa nyama wonyamula mfuti, munthu wacikulire wolankhula Citumbuka ndi Cicewa. Ulendo wokagona kuthengo saucita popanda mlonda, pakuti anyalugwe ndi afisi alipo, ndiponso nkhungu ikatsika zitunda zonse zimafanana ngati mazira a nkhuku imodzi. M'caka ca 2015 maiko awiriwa anasainirana pangano losamalira pamodzi malo a nyama a m'malire, ndipo alonda a mbali zonse amagwirira nchito limodzi. Tinabwerera naye ku mbali ya Zambia, tinasiya galimoto pafupi ndi nyumba yakale ya alendo ya nthawi ya atsamunda imene anthu amaichula kuti Zambian Rest House, tinasenza akatundu athu nkuuyamba wapansi dzuwa liri pamutu.

Tinayenda maola atatu, kupumula kawiri. Miyendo siinabvutike kweni-kweni popeza zitunda n'zotsetsereka bwino, koma mpweya wa pamwamba ndi wopepuka, ndipo munthu amapuma wefu-wefu pa kacitunda kamene kumudzi akanakakwera akuyimba. Mbidzi zinatiyang'ana ziri pa mtunda wongoponya mwala, osathawa. Kutali tinaona acilembwe asanu ndi nyanga zao zopindikira kumbuyo, ndi mphoyo imene inaliza mluzu wace nilumphira m'dambo. Pamalo pena mlonda anaima pa msana wa citunda natiuza kuti tiri pa malire eni-eni. Panalibe waya kapena mbendera. Malire a maiko awiriwa pano atsata mzere wogawa madzi. Mvula yogwa kum'mawa kwa mzerewu imatsikira ku Nyanja ya Malawi ndi kuturukira mu Shire, pamene yogwa kumadzulo imatsikira ku Luangwa. Madzi onsewo amakakumananso mu Zambezi. Mai mphunzitsi anathira madzi pang'ono a m'botolo mbali iyi ndi mbali iyo, nanena kuti adzawafotokozera ana a m'kalasi mwao.

Tinamanga matenti athu awiri pa malo ouma pafupi ndi kamtsinje, nkhalango ya Chowo ikuoneka yakuda bii patsogolo pathu. Mlonda anayamba wapalira udzu mozungulira asanalole kuti tikoleze moto, ndipo nkhuni zinali zimene tinabwera nazo. Ataona nyemba zimene alamu anga anaturutsa m'thumba anaseka. "Adada, nyemba zimenezo mudzadya mawa masana," anatero. Pamwamba pa phiri madzi amawira asanatenthe kwambiri monga amacitira kumunsi, motero cakudya colimba cimacedwa kupsa. Tinaphika nsima ndi kapenta.

Tsono ndiulule za ine mwini. Mnzanga wa ku nchito anandicenjeza kuti nditenge mabulangeti awiri ndi cipewa ca ubweya, koma ndinati munthu wokulira ku Chipata acidziwa cisanu ca July. Akuru anati safunsa anadya phula. Dzuwa litangolowa, kuzizira kunabwera ngati munthu wotsata ngongole yace. Pofika 21.00 koloko zala zanga zinakanika kugwira colembera. Alamu anga, amene ndinawaseka ku Chipata cifukwa ca mtolo wao waukuru, anali ndi mabulangeti awiri, jasi lakale ndi masokosi atatu. Anandiyang'ana nthawi yaitali ndikunjenjemera, kenaka anati, "Bwerani kuno alamu, mlongo wanga angandifunse kuti mwamuna wace ndamusiya kuti." Tinapfunda pamodzi ngati ana. Pakati pa usiku fisi analira kutsidya kwa dambo, ndipo alamu anandigwira mkono osanena kanthu. M'mawa udzu unali woyera mbuu, ndipo madzi amene tinasiya m'poto anali ataundana pamwamba. Alamu anaswa kacidutswa nakayang'anitsitsa pa dzuwa mpaka kanasungunuka m'dzanja lao. Anali asanaonepo madzi oundana okha popanda firiji.

Pali cinthu cina cimene cinacitika usiku umenewo pa moto. Ku msika wa Lundazi ndinagula cikanda, ndipo nditaciturutsa ndinadulira ali yense. Mlonda analandira ndi manja awiri, anadya, nathokoza, koma anati m'mawa adzandionetsa kanthu. Kutaca anatitengera m'mbali mwa dambo. Pansi panali timaenje tosawerengeka, tating'ono ngati pokumba mbewa, tina tatsopano dothi lisanaume. "Cikanda canu cija munda wace ndi uno," anatero.

Ambiri a ife timadya cikanda osadziwa kumene cimacokera. Timbatata timene amasinja nkusakaniza ndi nsinjiro, soda ndi tsabola ndi mizu ya maluwa a m'madambo a malo ozizira. Pa Nyika pali mitundu yopitirira 200 ya maluwa a banja limeneli, ndipo amaphuka nthawi ya dzinja, maka-maka mu January ndi February. Palibe amene amawabzala. Kambatata kali konse ndiko nkhokwe imene duwa limaphukirapo caka cotsatira, kotero wokumba akacotsa, pamalopo patha. Kale cikanda cinali cakudya ca m'midzi ya kumpoto kwa dziko lathu, ndipo amai ankakumba zokwanira banja. Lero cigulitsidwa m'misika ndi m'masitesheni a basi m'matauni onse, ndipo madambo athu ambiri atacepekedwa, amalonda anayamba kukagula timbatatati ku Tanzania, ku Malawi ndi ku Angola. Ku Tanzania boma linakhazikitsa paki ya Kitulo m'caka ca 2005 maka-maka pofuna kuteteza maluwa amenewa. Sindinena kuti mai wogulitsa cikanda pa msika ndi wolakwa, pakuti iye afuna ndalama ya sopo ndi ya sukulu ya ana. Ngakhale wokumba amayenda usiku m'cisanu comwe cija cimene cinandigonjetsa ine, cifukwa ca umphawi. Koma ndinaima pa timaenjeto cidutswa cotsala ciri m'thumba mwanga, ndipo manyazi anandigwira.

Kucokera pamenepo tinalowa m'nkhalango ya Chowo. Munthu amacoka pa udzu wowala ndi dzuwa, mapazi khumi okha nkupezeka ali mu mdima wonyowa, wonunkhira masamba obvunda. Mitengo ya muno siigwetsa masamba nthawi ya cirimwe monga ya kwathu. Ndi yaitali mwakuti poyang'ana nsonga cipewa cimagwa, ndipo ina iri ndi mizu yotambalala ngati zipupa, yakuti anthu atatu angabisale kuseri kwace. Umodzi mwa ikuru-ikuruyo ndi mbale wace wa mtengo wa maula umene timaudziwa kumudzi. Ndele zotuwa zilendewera m'nthambi ngati ndebvu za nkhalamba. Mlonda anatiletsa kulankhula, ndipo titakhala cete pa cipika tinamva nthambi zikugwedezeka pamwamba: anali anchima, anyani akuda a m'nkhalango, akutisuzumira. Nkulukulu inauluka nitambasula mapiko ace ofiira. Njira ya m'katimu ndi yaifupi ndi yosabvuta, kungosamala mizu yoterera.

Cimene cinakopa alamu anga si anchima ai, koma madzi. M'mwezi wa July, mvula itasiya kale-kale, pansi pa mitengo panali kuturuka timitsinje tozizira, toyera ngati galasi. Iwo anagwada, anamwa, nakumba dothi ndi cala kuona kuya kwa cinyontho. Anatikumbutsa kuti kumudzi kwao mtsinje umene ankasambamo ali mnyamata tsopano umauma mu August, cicokere pamene mitengo ya kumutu kwace inatha ndi makala. Mlonda anabvomereza nationetsa m'mphepete mwa nkhalango mitengo yopserera mbali imodzi. Mdani wamkuru wa Chowo ndi moto wa mu September ndi October, udzu utauma gwaa. Moto wotere ukafika m'mphepete umadya mitengo yaing'ono, ndipo caka ndi caka nkhalango imabwerera m'mbuyo. N'cifukwa cace alonda amaocha udzu mwadala nyengo yozizira, usanaumitse, kuti moto wolusa ukadzabwera usapeze podzera.

Kwa amene angafune kupita, kaya ndi a kalabu ya alimi kaya aphunzitsi ndi ana a sukulu okulirapo, mau anga ndi ocepa. Sonkhanani kuti mtengo wa mafuta ugawike, ndipo galimoto ikhale yamsinkhu, pakuti mseu wa kuphiri ndi wadothi ndipo nthawi ya mvula umabvuta. Mafuta thirani okwanira musanayambe kukwera. Nsapato zikhale zakale zozolowera phazi, osati zatsopano za pa ukwati. Tengani toci, macesi okulunga m'pulasitiki, ndi thumba lobwezeramo zinyalala zanu. Za mabulangeti ndanena kale. Mphamvu zofunika ndi zomwe ali nazo munthu ali yense amene amapita kumunda wapansi.

Tinafika pa galimoto pa Mande dzuwa litapendeka, tinatula mlonda ku Chelinda, nkuyamba kutsika. Pofika pa Thazima tinali titabvula majuzi onse ndipo thukuta linayambanso. Alamu anga anakhala cete njira yonse mpaka ku Bolero, kumene anafunsa bambo mphunzitsi ngati galimoto yao ingathe kukwera phirilo m'matope a mu January. Anati afuna kudzaona ndi maso ao duwa la cikanda, popeza acidya zaka zonsezi osalidziwa maonekedwe ace.