Ulendo wa pa Ndege Umayambira Pakhomo

Kwa zaka zambiri, ife okhala ku Kawale, kwa Biwi, kwa Chinsapo, ku Area 23, ku Area 25 ndi kwa Mgona tinkaidziwa ndege ndi phokoso lake lokha. Ana ankaibayibitsa ikamadutsa, akuluakulu n'kumati imeneyo ndi ya mabwana. Mnzathu akanena kuti akupita ku Joni tinkadziwiratu kuti ndi pa basi: Dedza, Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge, masiku awiri ali chikhalire mpaka mapazi kutupa. Lero si choncho. Mwana wapeza malo pa sukulu ya kunja, agogo aitanidwa kukathandiza mwana wawo amene wangochira kumene ku Johannesburg, dokotala watumiza wodwala ku India, mpingo wasankha nthumwi ya ku msonkhano. Tikiti ya ndege yayamba kulowa m'makomo mwathu, ndipo kawirikawiri imagulidwa ndi ndalama zimene banja lonse lasonkha.

Wokwera koyamba amaopa za m'mwamba: nanga ikagwa? Koma amene amabwerera pa bwalo la ndege misozi ili m'maso sabwezedwa ndi mitambo. Chimabweza anthu ndi pepala, wotchi ndi chikwama, ndipo zitatu zonsezi timakonzera kunyumba.

Mapepala

Pasipoti tisangoona kuti ilipo, tione tsiku lothera. Mayiko ambiri amafuna kuti ikhale itatsala ndi miyezi 6 kuti ithe mphamvu, komanso ikhale ndi masamba opanda chidindo. Dzina la pa tikiti lifanane ndi la mu pasipoti chilembo ndi chilembo. Amayi amene kumpingo timawatchula dzina la amuna awo, pomwe mu pasipoti muli la bambo awo, asamale pamenepa. Mmalawi wokacheza masiku ochepa ku South Africa, ku Zambia kapena ku Zimbabwe safuna viza, koma ku India, ku Britain ndi ku America viza imafunika, ndipo situluka tsiku limodzi. Poyenda ndi mwana titenge kalata yake yobadwira, ndipo kholo limene latsala lilembe kalata yovomereza.

Palinso khadi lachikasu la katemera wa yellow fever. Kuno kwathu matendawa kulibe, koma ku Ethiopia ndi ku Kenya aliko, ndipo mayiko ena amafunsa khadili kwa munthu wochokera kumeneko, ngakhale wongodikira pa bwalo la ndege ngati wapitirira maola 12. Katemerayu amayamba kuwerengedwa pakatha masiku 10 chibayitsireni, ndipo kuyambira 2016 bungwe la WHO linati kubayitsa kamodzi n'kokwanira moyo wonse.

Amene ulendo wake ndi wa ntchito yopezeredwa ndi munthu wa pa Facebook kapena pa WhatsApp, ayambe wafunsa ku ofesi ya boma yoona za ntchito. Tonse tinamva za amayi a kuno amene anapita ku Oman atalonjezedwa malipiro abwino, n'kukalandidwa mapasipoti ndi kugwiritsidwa ntchito ngati akapolo. Safunsa anadya phula.

Tsiku lonyamuka ndi Sabata

Wogulitsa tikiti amayang'ana mtengo, sayang'ana kulowa kwa dzuwa. Imeneyo ndi ntchito yathu. Ndege yonyamuka ku Lilongwe Lachisanu masana kupita ku London kudzera ku Addis Ababa imakafika pa Sabata m'mawa, ndipo maola opatulika amathera pa mizere ndi m'masitolo a pa bwalo. Choncho pa tikiti tiwerenge nthawi yofika, osati yonyamuka yokha. Masiku abwino ndi Lamlungu mpaka Lachitatu, chifukwa ndege ikachedwa kapena kuimitsidwa timakhalabe ndi mpata.

Tikumbukirenso kuti dzuwa sililowa nthawi imodzi kulikonse. Kuno m'nyengo yozizira limalowa isanakwane 5:30, ndipo ngakhale mu Januwale silipitirira kwenikweni 6 koloko. Ku London mu Disembala limalowa 4 koloko isanakwane, pomwe mu Juni limafika mpaka 9 koloko usiku. Amene akupita kutali afufuziretu nthawi yotsegulira Sabata kumeneko.

Chikwama

Palibe Mmalawi amapita kwa mwana wake chimanjamanja. Ufa woyera, mpunga wa Kilombero, nsinjiro, usipa, botolo la Nali: zonsezi zimafuna malo. Koma ndege imayenda ndi sikelo. Nthawi zambiri chikwama chachikulu chisapitirire makilogalamu 23, ndipo cha m'manja makilogalamu 7. Nambala yeniyeni yalembedwa pa tikiti. Tibwereke sikelo kwa ogulitsa chimanga tiyezeretu, chifukwa kilogalamu yopitirira imalipidwa modula kuposa ufa umene tanyamulawo. Tifunsenso zimene dziko tikupitalo limalola. Ambiri amaletsa nyama, zipatso zaziwisi ndi mbewu, ndipo chakudya chimene tanyamula tichinene akatifunsa, tisabise.

M'chikwama cha m'manja muzikhala zimene sitingagone popanda: mapepala, foni, ndalama, juzi, chovala chimodzi chosinthira, Baibulo ndi buku la Sukulu ya Sabata. Mankhwala onse akumwa tsiku ndi tsiku, a shuga, a kuthamanga kwa magazi, a mphumu, ma ARV, akhale momwemo, m'mapaketi ake, pamodzi ndi buku la kuchipatala. Chikwama chachikulu chikhoza kutsalira tsiku limodzi kapena awiri, koma matenda sadikira. Zamadzimadzi, monga mafuta odzola, zisapitirire mamililita 100 pa botolo. Mpeni, sizasi ndi lumo zipite m'chikwama chachikulu. Power bank ndiyo yosiyana: imaloledwa m'manja mokha.

Chovuta kwambiri ndi ichi. Mbiri ya ulendo ikamveka, phukusi limabwera: "Mukam'patsire mlongo wanga ku Joni." Kukana kumaoneka ngati nkhanza. Koma lamulo limati katundu ndi wa amene wanyamula, ndipo m'phukusi mukapezeka chamba womangidwa ndi ifeyo, ngakhale titavala yunifolomu ya Dorika. Phukusi lililonse litsegulidwe ife tikuona, tilongedze tokha. La munthu wokumana naye pa bwalo tisalikhudze n'komwe.

Msewu wa ku Lumbadzi

Bwalo la ndege la Kamuzu lili kufupi ndi Lumbadzi, mtunda wa makilomita pafupifupi 25 kumpoto kwa mzinda, potsata msewu wa M1. A ku Area 25 ndi kwa Mgona ali ndi mwayi, chifukwa akangotulukira pa Kanengo theka la ulendo latha. A ku Kawale, kwa Biwi ndi ku Area 23 ayenera kuoloka mtsinje wa Lilongwe, ndipo a kwa Chinsapo ali ndi mzinda wonse woti adutse asanafike pa Area 18. M'mawa ndi madzulo magalimoto amachita kukwawa, ndipo pa Kanengo mathiraki akhoza kutseka njira. Minibasi imadikira kudzaza, komanso imatisiya pa mphambano, bwalo likadali patali ndithu kwa munthu wa zikwama ziwiri. Ndi bwino kupangana ndi wa galimoto dzulo lake, n'kumuuza nthawi yoyambirira kuposa yeniyeni.

Pa ulendo wa kunja tifike maola 3 ndege isananyamuke. Malo olandirira katundu amatsekedwa kukadali pafupifupi ola lathunthu, ndipo akatseka atseka. Ndege si minibasi ya ku Area 23 imene kondakitala amamenya chitseko kuti "alipo akubwera". Choncho mapemphero otsanzikana, nyimbo ndi malangizo a amalume zichitike kunyumba madzulo a dzulo lake. Operekeza akhale ochepa, ndipo asakhale amene amayamba kusita galimoto itafika.

Pa bwalopo zinthu zimatsatana chonchi. Timapereka pasipoti ndi tikiti, amayeza katundu, n'kutipatsa boarding pass, pamene palembedwa nambala ya mpando ndi chipata chotulukira. Amatipatsanso kapepala komata ka nambala ya chikwama. Tikasunge, ndiko kadzatiyankhulire chikwama chikasowa. Kenako a Immigration amadinda pasipoti, ndipo a chitetezo amatiuza kuchotsa lamba, foni ndi makobidi m'matumba. Nthabwala za mabomba kumeneko sizisekedwa. Ngati agogo amavutika kuyenda, tipemphe njinga ya olumala pogula tikiti, ndipo adzathandizidwa mpaka pakhomo la ndege.

Thupi lathu m'mwamba

Ndege ikamathamanga kuti inyamuke imabangula, ndipo msana umakanikizika ku mpando. Kenako phokoso la "gu" pansi ndi mateyala akulowa m'malo mwake. Wokhala pa windo amaona madenga a malata akuchepa, minda ikusanduka zigamba, ndipo nthawi zina nkhokwe zazikulu za chimanga za ku Kanengo zimaoneka ngati zitini. Opita ku Nairobi kapena ku Addis Ababa, mitambo ikalola, amaiona nyanja yathu ili tantha. Ndege ikagwedezeka, makamaka masana a Okutobala kapena nthawi ya mvula, si kuti yawonongeka. Mpweya nawo uli ndi mabampu ake, ngati msewu wa fumbi wa kwa Chinsapo. Chotiteteza ndi lamba, ndipo tizimusiya womanga nthawi yonse tili pampando.

Ndege zazikulu zimauluka mamita oposa 10,000 m'mwamba, koma m'kati amasunga mpweya wofanana ndi wa pa mamita 1,800 mpaka 2,400. Kwa ife a ku Lilongwe zili ngati takwera pamwamba pa phiri la Dedza. Wathanzi samva kanthu, koma wodwala mtima, mapapo kapena wochepa magazi aonane ndi dokotala asanagule tikiti. Mayi woyembekezera achitenso chimodzimodzi: makampani ambiri amafuna kalata ya dokotala mimba ikapitirira milungu 28, ndipo salola ikapitirira 36.

Kusintha kwa mpweyaku n'kumene kumatseka makutu, makamaka potsika. Kumeza malovu, kuyasamula kapena kutafuna kanthu kumawatsegula. Khanda liyamwe ponyamuka ndi potera, ndipo mayi asachite manyazi. Mpweyawo umafufumitsanso m'mimba, choncho nyemba, kabichi ndi zakumwa za gasi tizipumitse tsiku la ulendo.

Mpweya wa m'ndege ndi wouma kuposa wa mu Okutobala. Milomo imauma, mutu umalemera. Apa chiphunzitso chathu cha zaumoyo chimatithandiza: khofi, tiyi ndi mowa zimene amayendetsa pa kangolo sizimene thupi likufuna. Tipemphe madzi, ndipo tipemphenso. Ena amakana kumwa poopa chimbudzi, koma chimbudzi chilimo, n'chaulere, ndipo phokoso lake potsuka lisatiopse. Kupitako ndi mwayinso woongola miyendo. Kukhala malo amodzi maola oposa 4 kumachititsa magazi kuyenda pang'onopang'ono m'mitsempha ya m'miyendo, ndipo kwa ena amaundana. Chotupa chimenecho chikasuntha n'kukafika ku mapapo, chikhoza kupha. Okalamba, onenepa, oyembekezera ndi amene angochitidwa opaleshoni ndiwo ali pa chiopsezo chachikulu. Wa ku Johannesburg ulendo wake ndi wa maola awiri ndi theka basi, koma wa ku India kapena ku America azigwedeza zala ndi akakolo ali pampando, ndi kuimirira kuyenda pang'ono pakapita ola limodzi kapena awiri. Mwendo umodzi ukatupa ndi kupweteka masiku otsatira, kapena mpweya ukayamba kubanika, tithamangire kuchipatala ndipo tinene kuti tinali pa ndege.

Chakudya cha m'ndege chinalipiridwa kale m'tikiti pa maulendo ambiri a kunja, koma chimabwera chophikaphika. Osadya nyama anene pogula tikiti, kapena kukadali masiku awiri. Zilembo VGML zimatanthauza chakudya chopanda nyama, mkaka ndi mazira, pomwe VLML chili ndi mkaka ndi mazira. Tikapanda kuitanitsa, tifunse chimene chili m'mbale, makamaka soseji ndi nyama yopyapyala ya m'buledi, chifukwa nthawi zina imakhala ya nkhumba. Mtedza wokazinga kunyumba m'kathumba umapulumutsa.

Pofika

Ambiri a ife timasinthira ndege ku Johannesburg, ku Nairobi kapena ku Addis Ababa, mabwalo aakulu moti la Kamuzu limaoneka ngati kanyumba ka alonda. Nthawi ya ku Johannesburg ndi yofanana ndi yathu, koma ku Nairobi ndi ku Addis Ababa ali patsogolo ndi ola limodzi, ndipo nthawi zonse za pa tikiti ndi za kumaloko. Wotchi ya pamkono ikatsalira pa nthawi ya ku Kawale, ndege itisiya tikuodzera pa benchi. Tikangotsika tiyambe tapeza chipata cha ndege yotsatira, zopuma pambuyo. Tikasokonezeka tifunse wa yunifolomu, timuonetse boarding pass. Adiresi ndi nambala ya wotichingamira zikhale zolembedwa pa pepala, popeza foni imatha moto ndipo a Immigration akumeneko amafunsa kumene tikagone.

Tisananyamuke tiwadziwitse abusa kapena akulu a mpingo. Iwo angatithandize kupeza mpingo wa kumene tikupita, ndipo wokakhalitsa apemphe kalata yosamutsira dzina. Mpingo wathu uli m'mayiko oposa 200, ndipo phunziro limene a ku Kawale akukambirana Sabata limenelo ndi lomwelo tikalipeze ku Soweto kapena ku Nairobi. Amene walongedza yekha chikwama chake, wayang'ana tsiku la pasipoti ndi nthawi ya kulowa kwa dzuwa, n'kudutsa pa Kanengo nthawi ikadalipo, wachita mbali yake. Zotsalazo azisiye m'manja mwa woyendetsa ndege ndi mwa Mulungu, amange lamba, ayang'ane pa windo.