Pepala Silikula

Ku Furancungo kuli mtsikana wina wamng'ono. Kumayambiriro kwa caka ca 2025, anzake analembetsa kalasi yoyamba. Iye anatsala pakhomo akulira.

Amai ake anatulutsa pepala m'cikwama. "Taona, mwanawe, apa analemba zaka 5. Sukulu imafuna zaka 6. Dikira caka camawa."

Agogo anapukusa mutu. "Iai. Mwanayu anabadwa cimanga ciri caciwisi, caka ca namondwe wa Idai."

Onse atatu anapita kwa aphunzitsi. Aphunzitsi anayang'ana pepala lija. Anati, "Idai anaomba mu 2019. Pepalali analilemba mu 2024." Kenaka analemba pa bolodi:

2025 − 2019 = 6

"Amai, caka cino akwanitsa zaka 6. Mwana amakula, koma pepala silikula."

Tsiku lomwelo mtsikanayo analembedwa sukulu.

Ngakhale pa intaneti zimacitika. Nthawi zina tsamba la Wikipedia limaonetsa zaka zakale za munthu, cifukwa makina anasunga tsambalo tsiku lake lobadwa lisanafike. Kuti tidziwe zoona, tiyambe kuwerenga pa caka cobadwa.

Nanga iwe, unabadwa caka canji? Kafunse akuluakulu kunyumba, ndipo uwerenge zaka zako.