Paini wa ku Furancungo ndi tizilombo tomulonda

Ku Furancungo, likulu la boma la Macanga, ndalama yodziwika ndi ya fodya. Koma kuzizira kwa mapiri a kuno ndi a ku Tsangano kumayanjanso paini, monga zilili ku Dedza, kutsidya kwa malire. Bambo wina wofesa mbande m'machubu akuti ntchito yake imakula mitengo ikadali yosafika m'chiuno.

Pa nazale mdani wawo ndi mbozi zodula. Masana zimabisala m'dothi, usiku n'kudula kambande patsinde. Bambowo akapeza mbande yagwa amafukula ndi chala pomwepo, mbozi n'kuipeza itadzipinda. Mankhwala safunika apa.

Chiswe akuti sichilimbana ndi paini ngati momwe chimachitira ndi bulugamu, koma mbande yofooka ndi ludzu sichiileka. N'chifukwa chake iwo sawokera ndi mvula yoyamba. Amadikira kuti nthaka ikhute madzi, cha mu Disembala kapena Januwale, ndipo udzu wouma wopalira saunjika patsinde.

Chimene chimawasowetsa tulo ndi nsabwe zoyera. Zimakhala pamene masamba amerera, zitafunda zoyera ngati thonje, n'kumayamwa madzi a mtengo. Masamba amachita chikasu, nsonga n'kupinimbira. Nsabwezi si za kuno. Mu Africa zinayamba kuoneka ku Kenya ndi ku Zimbabwe mu 1968. Zimachuluka m'chilimwe, mvula yamphamvu ikabwera zimachepa.

Alimi a fodya, poti mpope ali nawo kale m'nyumba, amathamangira kupopera. Bambowo amawaletsa, ndipo akunena zoona. Zoyerazo zimatchinga mankhwala, pamene tizilombo todya nsabwe timafa msanga. Ndalama yapita, nsabwe zabwerera. Bambowo amadula nthambi yogwidwa kwambiri n'kuitentha, mbande yodwala saigulitsa, ndipo amapalira kuti mtengo ukhale ndi mphamvu.

Ku Malawi zoterezi anaziona mu 1986, pamene nsabwe za mtundu wina zinagwira mitengo ya saipulesi, zosasiya ndi mkungudza wa ku Mulanje womwe. Nkhalango yonse sungaipopere. Akatswiri anaitanitsa kunja timavu ting'onoting'ono toikira mazira m'thupi mwa nsabwezo.

Ku Furancungo, bambo aja anunkhadala okha amawatola pamanja m'mamawa, chisanu chikadawagwira, n'kuwakwirira m'dzenje.