Ku Mpulungu, Kumene Munthu Amatsanzira Nsomba

Wapaulendo wocokera ku Mbala akamatsika mapiri kulinga ku Mpulungu, amayamba kuona nyanja ya Tanganyika ili ngwee patali. Nyanjayi ndi yaciwiri padziko lonse pa kuzama, pambuyo pa Baikal ya ku Russia, ndipo pena imafika mamita 1,470. Ambirife timaidziwa cifukwa ca kapenta ndi buka-buka. Koma m'miyala ya m'mphepete mwake muli tinsomba tamawangamawanga tochedwa cichlid, tambiri tosapezeka kwina kulikonse. Tinsombati ndito timakopa akatswiri ndi alendo kuti amire pansi pa madzi atabereka botolo la mpweya, kuno ndi ku Nsumbu komwe.

Nsomba zambiri zili ndi kathumba ka mpweya m'mimba kamene kamazithandiza kuima pakati pa madzi, osamira, osayandama. Munthu alibe kathumba kotere, ndiye amavala covala cochedwa BCD, cimene amacipopa kapena kuciphwetsa monga afunira.

Covala cakale cinali covalidwa m'khosi ngati goli, ndipo lero sicionekaoneka. Cofala ndi conga jekete, cimene mpweya wake umazinga m'nthiti ndi kumsana. Cimenecico cimamuimika munthu cilili akafika pamwamba pa madzi, motero ophunzira amacikonda, ngakhale kuti cimathina pacifuwa cikadzaza. Cina ndi conga phiko, cimene mpweya wake wonse umakhala kumsana. Ici cimamugoneka munthu cafufumimba monga nsomba, kotero kuti miyendo yake sivundula matope pamene akuyang'anitsitsa zisa za tinsomba. Vuto lake nlakuti pamwamba, cikapopedwa kwambiri, cimakankhira nkhope m'madzi.

Madzi a Tanganyika alibe mcere, conco sanyamula thupi monga amacitira a ku nyanja ya mcere. Mlendo wozolowera ku Zanzibar ayenera kucepetsa zitsulo zolemera za m'lamba wake.

Cacikulu, owerenga athu, ndi ici: mpweya umafufuma pamene munthu akukwera. Umene uli m'covala pa mamita 10 umawirikiza kawiri pofika pamwamba. Wosauphwetsa amaponyedwa m'mwamba mofulumira, ndipo mapapu ndi magazi ake zimakhala pangozi ya imfa. Covala ciliconse mwa izi cimafuna kuti mwini wake ayambe waphunzitsidwa ndi mphunzitsi wovomerezeka, ndiponso asamire yekha.