Sitima ya ku Aguas Calientes

Ku Cusco ndinafika ndi matama, koma usiku woyamba womwewo anatha. Mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 3,400, kuposa nsonga ya Sapitwa. Mutu unkagunda ngati wina akusinja chimanga, ndipo kukwera masitepe asanu okha ndinkachita wefuwefu. Eni dziko la Peru amati ndi soroche. Mayi wa pamalo ogona anandithira tiyi wa masamba a coca n'kundiuza kuti ndigone.

Tulo ndikanatitenga kuti? Tikiti yolowera ku Machu Picchu imakhala ndi tsiku, ola ndi nambala ya pasipoti yako. Ukaphonya, basi zapita. Ndipo zinali ndalama zomwe ndinasunga chaka chathunthu.

M'mawa ndinadzikoka mpaka ku Ollantaytambo kukakwera sitima. Chodabwitsa n'chakuti ulendo wopita ku tauni ya m'mapiri ndi wotsika. Njanji imatsata mtsinje wa Urubamba, ndipo pamene tinkatsetsereka, mpweya unayamba kubwerera m'chifuwa. Mapiri ouma anasanduka nkhalango yothithikana. Pasanathe maola awiri tinafika ku Aguas Calientes, mamita pafupifupi 2,000, mutu utapepuka. Kulibe msewu wochokera kunja; njanji imadutsa pakati penipeni pa tauni, pakhomo pa malesitilanti.

Chomwe chinandikhala pamtima ndi mabogi. Ife alendo tinali m'a mawindo mpaka kudenga. Eni dziko ali ndi awo otchipa, omwe mlendo saloledwa kukwera. Pasiteshoni ndinaona mayi wina akukweza thumba la mbatata, mwana ali kumsana, ngati kwathu komwe. Ine wa minibasi za ku Ndirande, tsiku limenelo mzungu ndinali ineyo. Sizinandikomere kwenikweni.

Kumabwinja tinakwera pa basi, msewu wokhotakhota. Nkhungu inali bii, ndipo ndinayamba kuwerengera zomwe ndataya. Kenako inayamba kung'ambika, makoma n'kuonekera. Miyala ina inasemedwa n'kulumikizana popanda dothi, moti ngakhale lezala singalowe. Anamanga ndi a Inca cha m'ma 1450, nthawi ya mfumu Pachacuti. Amati Hiram Bingham "anatulukira" malowa mu 1911, koma anachita kulondoleredwa ndi alimi a komweko.

Madzulo ndinatumizira amayi zithunzi pa WhatsApp. Anayankha ndi mawu: "Mwanawe, ndalama zonse zija kukaona miyala? Nanga wadya?"

Ndinali ndisanadye.